Ufa woyera umene umadzutsidwa ndi dzuwa

Mu Seputembala 2020 kampani yofufuza miyala ya Mkango Resources inalengeza kuti yapeza mchenga wa rutile m'dothi la boma la Mchinji. Pofika 2022 dzina la Kasiya, m'boma loyandikana nalo la Lilongwe, linali likumveka kawirikawiri pa wailesi, chifukwa kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals ikuti kumeneko kuli rutile wochuluka kuposa malo ena onse odziwika padziko lapansi. Chaka chotsatira kampani yaikulu ya Rio Tinto inagulako masheya. Anthu akamakamba nkhaniyi pa Kamwendo, pa Kapiri kapena m'minibasi yopita ku Mwami, amakamba za ntchito, za chipukuta misozi cha minda, ndi za amene adzadye ndalamazo. Mafunso amenewo ndi oyenera ndipo ali ndi eni ake. Pa tsamba lino tifunsa lina. Kodi mchenga umenewu ukukhudzana bwanji ndi mwana amene watsegula m'mimba?

Rutile ndi dzina la kumigodi. Kwa akatswiri a sayansi mchengawu ndi titanium dioxide, kutanthauza chitsulo cha titanium chimene chagwirana ndi mpweya wa okosijeni, monga mmene dzimbiri lilili chitsulo wamba chogwirana ndi mpweya womwewo. Akauyenga kufakitale umasanduka ufa woyera mbee. Musauyese mlendo m'nyumba mwanu. Kuyera kwa utoto umene timapaka m'makoma a sukulu ndi a tchalitchi kumachokera ku ufa umenewu. Uli m'mankhwala ambiri otsukira mano, m'chikutu cha mapiritsi ena, ndiponso m'mafuta ena amene abale athu achialubino amadzola kuti dzuwa lisawatenthe. Uli ndi mnzake, zinc oxide, amene mayi aliyense wolera khanda anamugwirapo ngakhale sadziwa dzina lake. Ndi amene amayeretsa mafuta olimba aja opaka mwana akasupuka ndi thewera, ndipo ali m'mankhwala a calamine amene timapaka mwana wodwala katsabola.

Ufa wa titanium dioxide uli ndi khalidwe limene opaka nyumba sadziwa. Mumdima ndi ufa chabe. Koma akaupera kuti usalale kwambiri, kenaka n'kuwalidwa ndi cheza china cha dzuwa chimene maso athu sachiona, chotchedwa UV, umadzuka n'kuyamba kupha mabakiteriya amene aukhudza. Zinc oxide nayenso amatero. N'chifukwa chake akatswiri m'mayunivesite ambiri akufunafuna njira yoti ufawu uziyeretsa madzi akumwa ndi makoma a m'zipatala popanda moto, popanda magetsi ndiponso popanda mankhwala oti azigulidwa mwezi ndi mwezi.

Chifukwa chochitira chidwi ndi zimenezi sitichifuna patali. Kuyambira Malichi 2022 mpaka pakati pa 2023 matenda a kolera anagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Palibe boma limene linapulumuka. Tisanapume n'komwe, mu Okutobala 2023 matenda omwewo anabuka ku Lusaka, moti pofika Januwale 2024 bwalo la masewero la National Heroes analisandutsa chipatala, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Ife a m'malire timadziwa kuti mzere wa pa mapu sutchinga kanthu. Tsiku lililonse anthu amaoloka pa Mwami, ena kukagulitsa mtedza ndi soya ku Chipata, ena kukazonda odwala ku chipatala cha Mwami, ena kumaliro, poti Achewa ndi Angoni a mbali ziwirizi ndi banja limodzi. Kachilombo ka kolera kamaoloka nawo m'mimba mwa munthu amene sakumva n'komwe kudwala, ndipo palibe amene amakafunsa pasipoti.

Vuto lachiwiri silichita phokoso ngati kolera, koma ine ndilo limandiopsa kwambiri. Mankhwala opha mabakiteriya, amene ambiri timangowatcha makapisozi, akutha mphamvu. Madokotala a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pamodzi ndi anzawo a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, anaunika tizilombo topezeka m'magazi a odwala kwa zaka zambiri. Mu 2003, pa tizilombo 100 ta mtundu wa Klebsiella, pafupifupi 12 tokha ndi timene tinkapirira mankhwala a gulu la ceftriaxone, jekeseni amene zipatala zathu zimadalira munthu akadwalika. Pofika 2016 tinali titakwana 90. Klebsiella ndi kachilombo kamene kamapha makanda m'zipinda za ana obadwa masiku asanakwane. Ndipo tisaloze chala madokotala okha. Amene amagula makapisozi awiri a amoxicillin pa okala kuti amwe chifukwa cha chimfine, amene amasiya Bactrim tsiku lachitatu poti wayamba kupeza bwino, amene amatsegula kapisozi n'kuthira m'madzi a nkhuku, onsewa akuphunzitsa tizilombo kupirira. Choncho njira iliyonse yopha mabakiteriya asanalowe m'thupi, popanda kukhudza mankhwala ochepa amene atitsalirawa, ndi yofunika kuimvetsera.

Zoti dzuwa limapha tizilombo si zatsopano. Mu 1877 anthu awiri a ku England, Arthur Downes ndi Thomas Blunt, anathira madzi a shuga m'timabotolo n'kutiika padzuwa, tina titakulungidwa kuti kuwala kusalowe. Tokulungidwato tinachita thovu ndi matope a mabakiteriya, pamene towalidwa ndi dzuwa tinakhalabe toyera. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti kuwala kwa dzuwa ndi amodzi mwa mankhwala achilengedwe amene Ellen White anatchula m'buku lake la 1905 la The Ministry of Healing. Agogo athu sanawerenge za Downes ndi Blunt, koma ankayanika mphasa, mitsuko ndi zipande padzuwa. Chatsopano n'chakuti ufa woyerawu umachulukitsa mphamvu imene dzuwa lili nayo kale.

Anatulukira zimenezi ndi mnyamata wina wa ku Japan, Akira Fujishima, mu 1967 akuphunzira pa yunivesite ya Tokyo. Anaviika kamwala ka rutile m'madzi, atakalumikiza ndi waya ku kachitsulo ka platinum, n'kukawalitsira nyali yamphamvu. Pa kamwalapo panayamba kutuluka tithovu. Kuwala kunali kukuphwanya madzi kukhala mipweya iwiri imene imapanga madziwo. Iye ndi mphunzitsi wake Kenichi Honda anafalitsa zimenezi mu 1972, ndipo poyamba dziko linkaganiza za mafuta, kuti mwina madzi adzalowa m'malo mwa petulo. Loto limenelo silinafike patali. Koma mu 1985 Tadashi Matsunaga ndi anzake, ku Japan komweko, anathira ufa wa titanium dioxide wosakaniza ndi platinum m'madzi okhala ndi yisiti ndi mabakiteriya, kuphatikizapo E. coli wopezeka m'chimbudzi cha munthu. Atawalitsa nyali kwa ola limodzi kapena awiri, tizilomboto tinafa. Kuchokera pamenepo kampani ya TOTO inayamba kupanga matailosi opakidwa ufawu a m'zipatala ndi m'zimbudzi, ndipo mu 2001 kampani ya Pilkington ya ku Britain inayamba kugulitsa magalasi a mawindo amene amadziyeretsa okha akawalidwa ndi dzuwa n'kuvumbwa ndi mvula.

Kodi zimachitika bwanji? Cheza cha UV chikagunda kanjere ka titanium dioxide, chimasuntha timphamvu ta magetsi tokhala m'kati mwake, totchedwa maelekitironi, n'kutichotsa pamalo pake. Kanjereko kamatsala ndi mpata, ndipo pofuna kuutseka kamalanda zimene kakusowa ku madzi amene akakhudza. Madzi olandidwawo amasanduka tizidutswa taukali kwambiri totchedwa hydroxyl radicals. Tizidutswati tikapeza bakiteriya pafupi timang'amba khungu lake malo ambiri nthawi imodzi mpaka zam'kati zitatayika. Kanjereko kakatero kamabwerera mmene kanalili n'kudikira kuwala kwina. Sikatha. Ntchito yake ili ngati ya ankhoswe: amakumanitsa awiri, zinthu n'kuchitika, iwo n'kubwerera kwawo ali chimodzimodzi, mawa n'kukaimiranso banja lina.

Apa mpamene pali kusiyana ndi makapisozi. Mankhwala ngati amoxicillin ali ngati kiyi amene amatsegula loko mmodzi yekha pa thupi la bakiteriya. Bakiteriya akangosintha lokoyo, kiyi watha ntchito, ndipo ana ake onse amabadwa ndi loko watsopanoyo. Tizidutswa tija sitifuna kiyi. Timaphwanya chitseko, zenera ndi khoma lomwe, choncho n'kovuta kuti kachilombo kapeze njira imodzi yodzitetezera. Pakuyesa kwa m'malabotale, mabakiteriya amene amapirira mankhwala ambiri amafanso ndi ufa wowalidwawu.

Nanga n'chifukwa chiyani amalimbikira kuupera? Mayi aliyense wosonkha moto akudziwa yankho lake. Chipika chimanyeka pang'onopang'ono, koma mukachiwaza kukhala tinkhuni ting'onoting'ono chimayaka nthawi yomweyo, chifukwa moto wapeza mbali zambiri zogwira. Ntchito ya ufawu imachitikira kunja kwa kanjere kokha, ndiye tinjere tikachepa, malo ogwirira ntchito amachuluka. Muyeso wake amautcha nanomita. Tengani kamzere kamodzi kakang'ono ka pa rula ya mwana wasukulu, kamene ndi milimita imodzi, mukagawe magawo 1,000,000. Gawo limodzi ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000. E. coli ndi wotalika pafupifupi 2,000. Kanjere ka ufa umene akatswiri amagwiritsa ntchito kwambiri ndi ka mananomita 20 kapena 25 basi, moti kunja kwa tinjere tonse ta mu galamu imodzi, mutati mukuyale pansi, kungakwane pafupifupi kalasi imodzi ya ku pulayimale. Mawu akuti nano amene mwina mwayamba kuwamva amachokera pamenepa.

Wina afunsa kuti ngati zili choncho, bwanji patapita zaka zoposa 35 chitulukireni Matsunaga ufawu sunafike pa mjigo wa ku Mkanda kapena m'chipinda chochiliramo amayi cha ku Kochilira? Zifukwa zake zimatiphunzitsa zambiri kuposa ufa weniweniwo.

Cheza cha UV ndi gawo laling'ono la kuwala kwa dzuwa, pafupifupi magawo 5 pa 100 aliwonse, ndipo m'kati mwa nyumba mumalowa chochepa kwambiri. Khoma la wodi lopakidwa ufawu, usiku kapena kuseri kwa bedi, ndi khoma wamba. Akatswiri akuyesa kuusakaniza ndi zinthu zina kuti uzidzuka ndi kuwala wamba. Mu 2001 Ryoji Asahi ndi anzake a m'malabotale a Toyota anaonetsa kuti nayitirojeni amathandiza, ndipo ena akuyesa mkuwa ndi siliva. Komabe kumene anapaka m'mawodi enieni a zipatala za ku Ulaya ndi ku Asia zotsatira zinasiyana. Kwina tizilombo tinachepa, kwina sipanaoneke kusintha kulikonse.

Chifukwa china n'chakuti tizidutswa taukali tija sitikhalitsa. Timatha pasanakwane gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, ndiye sitipita patali. Bakiteriya ayenera kukhala atatsamira pa kanjerepo kuti afe. Pakakhala fumbi, mafuta, magazi ouma kapena matope, kuwala kumatchingika ndipo tizidutswato timathera pa litsirolo. Sayansi ya ku Tokyo ikufika pamene alangizi a zaumoyo a m'midzi mwathu anafika kale: yambani mwatsuka. Chimodzimodzinso m'madzi. Ufa womwazidwa m'ndowa umapha bwino, koma pambuyo pake uyenera kuchotsedwamo, ndipo tinjere tochepa chonchi palibe nsalu imene ingatisefe. Akaumata pagalasi kapena m'paipi kuti usasakanikirane ndi madzi, mphamvu yake imachepa. Ku Almería, m'dziko la Spain, kuli malo aakulu oyesera zipangizo zoyeretsa madzi ndi dzuwa, ndipo vuto limeneli ndi limodzi mwa amene akhala akulimbana nawo kwa zaka.

Palinso nkhani ya chitetezo cha thupi. Mu 2006 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika titanium dioxide m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa munthu akamapuma fumbi lake. Mu 2022 mayiko a European Union analetsa kuthira ufawu m'zakudya monga maswiti, poti akatswiri awo sanakhutire kuti tinjere tating'onoti sitivulaza maselo a m'thupi. Izi zisachititse mantha amene amadzola mafuta oteteza ku dzuwa. Pakhungu ndi nkhani ina, ndipo tinjere ta m'mafutamo amatikuta ndi chikutu chapadera kuti tisadzuke. Kwa mbale wathu wachialubino, dzuwa lopanda mafutawo ndiye loopsa. Chimene ndikufuna chimveke n'chakuti ufa umenewu si womwa. Wina asatape mchenga wakuda wonyezimira m'ngalande kuti aike mumtsuko poti wawerenga tsamba lino. Mchenga wa m'dothi ndi wa mibulu, wosakanikirana ndi zina zambiri, komanso mtundu wa titanium dioxide umene umapha kwambiri tizilombo ndi wina, wotchedwa anatase. Rutile wa kumigodi amapita kukapanga utoto, ndodo zowotcherera zitsulo, ndi chitsulo cha titanium cha ndege.

Ochita malonda, monga mwa nthawi zonse, afika kale sayansi isanafike. Mawu akuti nano akuoneka pa mabotolo, zosefera madzi, sopo ngakhale masokosi otsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo katundu wotere sachedwa kufika m'misika ya m'malire. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa akakuuzani kuti chipangizo chake chimapha tizilombo tonse, mufunseni ngati chimafuna kuwala, kwa maola angati, ndiponso amene anachiyesa. Yang'anani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Kuyambira 2014 bungwe la WHO limayesa zipangizo zoyeretsera madzi pakhomo n'kufalitsa zotsatira zake, ndipo zina mwa zimene linayesa zinalephera. Choopsa si ndalama zotayika zokha. Mayi amene wakhulupirira botolo lodula amasiya kuwiritsa madzi a mwana.

Pamene tikudikira ufawo, theka la njirayi tili nalo kale, ndipo ndi laulere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Aftim Acra wa pa American University of Beirut, ku Lebanon, anaonetsa kuti madzi oikidwa padzuwa m'chotengera choonekera m'kati amaphedwa tizilombo. Akatswiri a bungwe la Eawag ku Switzerland anaikonza njirayi n'kuitcha SODIS, ndipo WHO imaiwerengera pakati pa njira zoyeretsera madzi pakhomo. Umboni umene umandigwira mtima unachokera kwa Amasai a ku Kajiado m'dziko la Kenya. Madokotala a Royal College of Surgeons ya ku Ireland anali ataphunzitsa mabanja ena kuika madzi a ana padzuwa, kenaka kolera anabuka m'deralo. Pa ana 155 osakwana zaka 6 amene ankamwa madzi a padzuwa, atatu okha ndi amene anadwala. Pa ana 144 amene mabotolo awo ankasungidwa m'nyumba, anadwala 20.

Kachitidwe kake n'kosavuta koma kali ndi malamulo. Pamafunika botolo la pulasitiki loonekera m'kati, lopanda mtundu, losaposa malita awiri, ngati lija la Sobo kapena la madzi ogula. Lobiriwira kapena lofiirira siligwira ntchito. Chigubu chachikasu cha mafuta ophikira sichilola cheza kulowa, ndipo chotengera chachikulu kwambiri kuwala sikufika pansi. Chotsani pepala la pabotolo, litsukeni ndi sopo, lidzazeni, litsekeni, n'kuligoneka chogona pamalata kapena pa thandala pomwe mthunzi sufika. Kukakhala ngwee, maola 6 akwana, choncho muike m'mamawa ndithu. Kukakhala mitambo yoposa theka la thambo, lisiyeni masiku awiri otsatizana. Pawindo m'kati mwa nyumba si padzuwa, chifukwa galasi limatchinga mbali ina ya chezacho. Malata amathandiza poti amatenthetsa madzi, ndipo kutentha kukafika madigiri 50 tizilombo timafa msanga kwambiri.

Madziwo ayenera kukhala oyera m'maso, pa chifukwa chomwe chija chimene chimalepheretsa ufa wa akatswiri. Matope amabisa tizilombo. Kuti mudziwe, imikani botolo lodzaza pamwamba pa mutu wa nkhani wa zilembo zikuluzikulu wa m'nyuzipepala, muyang'ane kuchokera kukamwa kwa botolo. Ngati mukutha kuwerenga, pitirizani. Ngati simukutha, asiyeni madziwo adikhe usiku wonse m'ndowa yovundikira, kenaka muwasefe ndi nsalu. Nsalu musaipeputse. Ku Bangladesh, Rita Colwell ndi anzake anaphunzitsa amayi a m'midzi 65 kusefa madzi a m'maiwe ndi nsalu yakale yovala yopinda kanayi, ndipo mu 2003 anafalitsa kuti odwala kolera anachepa ndi pafupifupi theka. Kachilombo ka kolera kamakonda kukakamira pa tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi, ndipo tinyamato timakodwa m'nsalu. Chitenje chakale cha thonje chimene chachapidwa kambirimbiri chimasefa bwino kuposa chatsopano. Mukamaliza chichapeni n'kuchiyanika padzuwa.

Tsopano ndinene povuta, poti ambiri olimbikitsa njirayi amapadumpha. Kwathu kuno kolera amakonda kubuka nthawi ya dzinja, pamene zimbudzi zagwa, madzi a m'madambo a Bua ndi Rusa asefukira m'zitsime zosawaka, ndipo thambo latsekeka mlungu wathunthu. Nthawi imene tikulifuna kwambiri dzuwa ndi imene limasowa. Tsiku la mvula yamvumbi botolo la padenga musalidalire. Wiritsani madzi mpaka atabwata, kapena thirani klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, kaya WaterGuard, motsatira muyeso wolembedwa, n'kudikira mphindi 30. Ndikudziwa kuti ambiri amadana ndi fungo lake, ndipo nkhuni ku Mchinji zikusowa chaka ndi chaka. Apa mpamene dzuwa limathandiza: miyezi ya chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Novembala, botolo likhoza kukupulumutsirani mitolo yambiri ya nkhuni, kuti nkhunizo ndi klorini zidikire miyezi yovutayo. Pa msonkhano wa misasa, pamene mabanja mazanamazana amatunga pa chitsime chimodzi kunja kuli ngwee, mabotolo angapo pamwamba pa msasa si chinthu chovuta.

Dziwaninso kuti dzuwa limapha zamoyo zokha. Feteleza ndi mankhwala opopera tomato kapena fodya zikalowa m'chitsime cha kudimba, botolo silingazichotse, ndipo kuwiritsa sikungazichotsenso. Madzi otere asiyeni. Ndipo mwana akatsegula m'mimba, nthawi yoyeretsa madzi yadutsa. Mpatseni Thanzi ORS, pitirizani kumuyamwitsa, mutengereni kuchipatala kumene akalandirenso mapiritsi a zinc a masiku 10 kapena 14. Mapiritsi amenewa ndi osiyana ndi zinc oxide wopaka uja. Chimbudzi chikamaoneka ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche.

Pali phunziro lina lochokera ku Bolivia. Mu 2009 akatswiri anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa m'midzi 22 imene anaphunzitsako njira ya mabotoloyi, ndipo kutsegula m'mimba kwa ana sikunachepe mooneka. Atayang'anitsitsa anapeza kuti pafupifupi banja limodzi lokha mwa atatu ndi limene linkatsatiradi. Dzuwa silinalephere. Anthu anatopa ndi kudzaza, kukweza ndi kutsitsa mabotolo tsiku ndi tsiku, ndipo mwana amene wamwa madzi abwino kunyumba ankakamwanso a pamtsinje masana. N'chifukwa chake pakati pa 2016 ndi 2020 ntchito ya WATERSPOUTT, imene sukulu ya Polytechnic ya ku Blantyre inatengako mbali, inayesa ndowa zoonekera m'kati za malita 20 ku Chikwawa, kuti banja lizidzaza kamodzi m'malo mwa mabotolo khumi. Ine ndikuona kuti ngati ufa wa titanium dioxide udzafike m'nyumba zathu, udzalowera pakhomo limeneli: womatidwa m'kati mwa ndowa kapena m'paipi ya thanki ya pasukulu, kuti maola 6 akhale awiri, kapena kuti tsiku la mitambo lisamawonongeke. Umenewo ungakhale mwayi weniweni kwa mayi wa ku Nkhwazi. Zingakhalenso zowawa ngati mchenga wochokera m'minda yathu utadzabwerera kuno uli m'chipangizo chimene eni mindawo sangathe kugula. Atsogoleri amene akukambirana ndi makampani a migodi aziikumbukira mbali imeneyi, pamodzi ndi funso loti zitsime ndi madambo a pafupi ndi migodiyo adzatetezedwa bwanji.

Za thandala ndinene pang'ono, poti ambiri timalimanga kuti alangizi akabwera alione. Mbale yotsukidwa ndi sopo, yoikidwa chozondotsa pa thandala mpaka itauma gwa, ndi yaukhondo kuposa yopukutidwa ndi kansalu konyowa kamene kapukuta mbale za mlungu wonse. Thandala likhale pamtetete, osati pansi pa mtengo wa mango, ndipo likhale lalitali moti nkhuku ndi mbuzi zisafikire. Zofunda za wodwala, matewera ndi mphasa zikachapidwa ziyanikidwe pachingwe padzuwa, osati kuseri kwa chitseko. Koma zovala ndi zofunda za wodwala kolera ziyambe zaviikidwa m'madzi a klorini.

Banja la anthu 6 limene aliyense amamwa malita awiri patsiku lifunika mabotolo 12 a malita awiri, 6 ali padenga pamene ena 6 akumwedwa. Ngati simungawapeze onse nthawi imodzi, yambani ndi a ana osakwana zaka zisanu, mayi woyembekezera ndi wodwala. Madzi akapsa ndi dzuwa musawakhuthulire mumtsuko umene aliyense amaviikamo kapu ndi zala zomwe. Asungeni m'botolo lomwelo, muzithira m'kapu yotsuka. Botolo likayamba kuchita mbuu ndi zokandika, pakatha miyezi 6 kapena chaka, cheza sichilowanso bwino. Lichotseni pa ntchitoyi, likasungire mbewu ya nyemba.